Clofazimine: mankhwala a khate amene anabwerera ku TB

Clofazimine anapangidwa mu 1954 ku Trinity College, mumzinda wa Dublin ku Ireland, ndi gulu la asayansi lotsogoleredwa ndi Vincent Barry. Iwo ankafunafuna mankhwala a chifuwa chachikulu cha TB. Pa mbewa mankhwalawa anaoneka amphamvu, koma pa anyani sanachite bwino. Popeza mankhwala a isoniazid ndi streptomycin ankachiza kale TB, clofazimine anangosiyidwa.

Amene anadzamutola anali madokotala a khate. Tizilombo toyambitsa khate ndi toyambitsa TB n'tapachibale, choncho kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 dokotala Stanley Browne anayesa mankhwalawa pa odwala khate kum'mawa kwa Nigeria, ndipo anathandiza. Mu 1969 kampani ya Geigy inayamba kuwagulitsa pa dzina la Lamprene. Khate litayamba kusamva mankhwala a dapsone, bungwe la WHO linalangiza mu 1982 kuti odwala khate lalikulu azimwa dapsone, rifampicin ndi clofazimine pamodzi. Kuphatikiza kumeneku ndi kumene kunachepetsa kwambiri khate m'mayiko ambiri, kuphatikizapo Malawi.

Pamene khate linkachepa, TB yosamva isoniazid ndi rifampicin inkafalikira. Wodwala TB yotereyi ankamwa mankhwala pafupifupi zaka ziwiri, kwinaku akubayidwa jakisoni amene ena ankawagonthetsa makutu. Kupanga mankhwala atsopano kumadya zaka zambiri ndi ndalama zankhaninkhani, pomwe mankhwala akale amadziwika kale mlingo wake ndi mavuto ake. N'chifukwa chake ofufuza anakumbukira clofazimine.

Ku Bangladesh, bungwe la Damien Foundation linamuphatikiza ndi mankhwala ena pa chithandizo cha miyezi 9. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2010 zinaonetsa kuti odwala pafupifupi 88 pa 100 alionse anachira. Mu 2016 WHO inavomereza chithandizo chachifupi chotengera njira imeneyi, ndipo mu 2018 inakweza clofazimine pamndandanda wa mankhwala a TB yosamva mankhwala, jakisoni n'kuwatsitsa.

Vuto lodziwika la clofazimine ndi loti amasintha khungu kukhala lofiirira kapena lodera, koma khungulo limabwerera mwakale pang'onopang'ono munthu akasiya kumwa. Amathanso kusokoneza kugunda kwa mtima, makamaka akaphatikizidwa ndi mankhwala ena a TB otchedwa bedaquiline, choncho odwala amawayeza mtima pafupipafupi.