Mtchona

Mtchona ndi munthu amene anapita kunja kukagwira ntchito n'kukhalitsa komweko, osabwereranso kumudzi. Mawuwa ali ndi kachitonzo, ngati kuti anataya abale dala, komatu ambiri ankasowa ndalama yobwerera.

Tikawamva timaganiza za amuna a kumigodi ya ku Joni kapena ya malasha ku Wankie, pomwe analiponso amayi. Iwo anatsatira amuna awo ku Southern Rhodesia, n'kukhala m'makomboni a m'mafamu ndi ku Mbare, kumene anthu a ku Nyasaland ankaikana maliro, kuvina gule wamkulu ndi kupemphera m'Chinyanja.

Mdzukulu wofufuza kwawo kwa agogo aakazi otere azifunsa mfunda wawo, boma, mfumu ndi mudzi, pakuti kwa Achewa mwana ndi wakuchikazi.