Ntchito zamanja za mapepala zoyenera achikulire chisanu chikamatha

Kumapeto kwa mwezi wa Julaye ndi mu Ogasiti, ntchito za kumunda zimakhala zitachepa m'boma la Mchinji. Chimanga chimakhala chili m'matumba, mtedza utaswedwa, soya atapita kumisika ya Kamwendo, Kapiri ndi Mkanda, ndipo amene akadali ndi mphamvu amatembenukira ku madimba kapena kuumba njerwa. Achikulire ambiri amatsala pakhonde kuothera dzuwa mpaka mthunzi kuwapeza. Pa chaka chonse, iyi ndiyo nyengo yoyenera ntchito zamanja za mapepala: mpweya umakhala wouma, mphepo imaomba, ndipo chinthu chomata ndi phala chimauma msanga osachita nkhungu. Sukulu nazonso zimakhala zitatsekera, kotero makope odzadza amapezeka, zidzukulu zothandiza kung'amba ndi kumata zili pakhomo.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 600,000 m'bomali, ndipo mwa iwo muli azaka 60 kupita m'tsogolo, amene ndondomeko za boma zimawawerengera kuti ndi achikulire. Munthu wa msinkhu umenewu akakhala manja lende kwa miyezi iwiri, zala zimauma, ndipo kusungulumwa kumalowa. Ntchito ya mapepala si mankhwala a nyamakazi, koma imayendetsa zala mofatsa, imagwirika munthu atakhala pansi, ndipo siifuna ndalama zambiri.

Zipangizo zake ndi nyuzipepala zakale, makope otha, makalendala, makatoni a m'magolosale ndi mapepala okhuthala a khaki. Matumba a simenti a pepala ndi olimba kwambiri, koma ayenera kukutumulidwa panja ndi wachinyamata, popeza fumbi lake limawononga chifuwa. Asanayambe kung'amba, wina wodziwa kuwerenga ayang'ane muluwo, kuopa kuti buku la kuchipatala, chiphaso cha mwana kapena kalata ya malo ingathere m'phala.

Phalalo ndilo mutu wa ntchito yonse. Ufa wa chinangwa kapena wa tirigu umamata bwino kuposa mgaiwa. Masupuni awiri odzadza a ufa amasungunulidwa m'madzi ozizira pang'ono, kenaka amathiridwa m'makapu awiri a madzi owira ndi kutakasa mpaka phala litakhala lamadzimadzi ngati la khanda. Kamchere pang'ono kamachepetsa nkhungu. Phala lotere limasasa pakapita tsiku limodzi kapena awiri, choncho n'kwanzeru kuphika lokwanira tsikulo basi.

Ntchito yosavuta kuyamba nayo, yomwenso phindu lake limaoneka msanga, ndi timaenvulopu tosungira mbewu. Pepala la mu kope limapindidwa mbali ziwiri kuti zikumane pakati, n'kumata, kenaka kupinda kunsi ndi kumatanso, kukamwa kusiyidwa kotsekula. Mbewu zing'onozing'ono monga za bonongwe, mpiru, luni, therere ndi maungu zimasungika bwino m'pepala kusiyana ndi m'jumbo, chifukwa pepala limatulutsa chinyezi pamene pulasitiki imachitsekera mkati ndi kuoletsa mbewu. Pamwamba palembedwe dzina la mbewu ndi mwezi umene idakololedwa, ndipo timaenvulopu tonse tiikidwe m'chitini chotseka bwino kuti makoswe asatipeze. Apa achikulire ali ndi chimene achinyamata alibe: ndiwo amadziwa dzungu lokoma ndi lamadzi, ndiponso amazindikira mtedza wa Chalimbana pongouona. Mdzukulu wogwira cholembera amaphunzira maina a mbewuzo osadziwa kuti akuphunzira.

Kapindidwe komweko, pa pepala lalikulu la khaki, kamatulutsa matumba ogulitsiramo nyemba, mtedza wosaswa kapena anyezi. Boma lidaletsa majumbo opyapyala osafika mamaikuloni 60 m'chaka cha 2015, ndipo bwalo la Supreme lidagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, kotero thumba la pepala lili ndi malo ake pamsika. Koma nyuzipepala isakhudze mandasi, tchipisi kapena mtedza wokazinga, chifukwa mafuta amasungunula inki n'kulowa m'chakudya.

Ntchito yokoma koposa ndi youmba mbale ndi timadengu. Luso lomata mapepala ndi makatoni m'magawo mpaka kulimba ngati thabwa adalikuza ndi Bevill Packer ku Zimbabwe, ndipo limadziwika ndi dzina lakuti APT. M'maiko ambiri, kuphatikizapo Malawi, luso limeneli lagwiritsidwa ntchito popanga mipando yothandiza ana olumala kukhala tsonga. Wachikulire sayenera kuyamba ndi mpando. Mbale ndi yokwanira.

Amatenga mbale yakale kapena chipanda n'kuchivundikira, ndipo amachikuta ndi jumbo kuti pepala lisakakamire. Nyuzipepala imang'ambidwa ndi manja m'timizere totalika ngati chikhatho, osati kudula ndi sizasi, chifukwa m'mphepete mong'ambika mumalumikizana bwino. Pepala limang'ambika mowongoka mbali imodzi yokha, ndipo dzanja limaipeza mbaliyo pakuyesa kamodzi. Timizereto timapakidwa phala ndi kuyalidwa pa chikombolecho, gawo loyamba chotsika, lachiwiri chopingasa, motero mosinthanasinthana mpaka magawo asanu ndi atatu kapena khumi. Gawo lililonse lisalazidwe ndi chala kuti mphepo isatsalire mkati. Kusinthanitsa nyuzipepala ndi pepala la khaki kumathandiza woumba kuona pamene gawo lathera, makamaka ngati maso ayamba kufooka.

Kuumitsa kumafuna kudekha. Dzuwa la masana limaumitsa kunja mkati mudakali mwamadzi, ndipo mbale imapindika. Pamthunzi podutsa mphepo, masiku awiri kapena atatu amakwana m'nyengo ino, bola pakhale kamwala pamwamba, pakuti kamvuluvulu wa mu Ogasiti salemekeza ntchito ya munthu. Ikauma imachotsedwa pa chikombole, m'mphepete n'kuwongola ndi kumatanso kamzere kozungulira.

Pokongoletsa, amayi achikulire safuna mphunzitsi. Dothi lomwe amazirira nyumba, lofiira, lakuda ndi loyera, akalisefa ndi kulisakaniza ndi phala limasanduka utoto wogwira bwino pa pepala, ndipo mizere ndi madontho amene amajambula pa zipupa amakwananso pa mbale. Vanishi wochepa, wopakidwa panja, amateteza ku chinyezi ndi mphemvu. Mbale yotere ndi yosungiramo ulusi, singano, makiyi, mazira kapena mankhwala a tsiku ndi tsiku. Si yothiramo madzi kapena ndiwo.

Mikanda ya mapepala idatchuka kwambiri ku Uganda, kumene amayi ambiri apeza nayo ndalama. Pepala la kalendala limadulidwa motalika, lotambalala mbali imodzi ndi losongoka mbali inayo, n'kukulungidwa pa sipoko ya njinga kuyambira kotambalalako, nsonga n'kumata. Imaoneka bwino, koma ndi ntchito yopsinja zala ndi maso, ndipo kwa amene ali ndi nyamakazi ndi bwino kuisiyira ena, iwo n'kumangosankha mitundu ndi kuilowetsa mu ulusi. Msika wakenso kumudzi ndi wochepa, ndipo aliyense wolonjeza agogo chuma cha mikanda akuwanamiza.

Kaiti ndi ya tsiku limodzi: timitengo tiwiri ta bango kapena nsungwi topingasa, nyuzipepala, mchira wa nsanza ndi ulusi wosomola ku thumba. Agogo amamanga, ana amathamanga, kutali ndi mawaya a magetsi.

Nthawi yabwino yogwira ntchito zonsezi ndi dzuwa likakwera, chisanu cha m'mawa chitatha. Kuviika manja m'madzi ofunda kumafewetsa zala, ndipo ola limodzi n'lokwana asanaimirire kuwongola msana. Mbaula ya makala isayatsidwe m'chipinda chotseka pofuna kufulumizitsa kuuma; utsi wake wosaoneka umapha, ndipo mapepala sachedwa kuyaka. Zoumbazo zikatha ziikidwe pamwamba, kutali ndi pansi ndi chipupa kumene chiswe chimadzera, ndipo zonse zikhale zitauma ndi kupakidwa vanishi mvula yoyamba isanagwe mu Novembala.