Chigaza pa Kabokosi: Mbiri ya Magetsi m'Minda ya Tiyi

Bambo anga adagwira ntchito zaka zambiri m'fakitale ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo chimene ankachiwopa koposa chinali kabokosi kojambulidwa chigaza cha munthu, kolembedwa nambala 11,000. Iwo ankati imeneyo ndiyo mphamvu ya magetsi. Inenso ndidakula ndikukhulupirira zomwezo, mpaka pamene ndidazindikira kuti liwu lathu loti "mphamvu" limamanga zinthu ziŵiri m'mtolo umodzi.

Choyamba ndi mavoliti (anzanga, musamve ngati ndati mavoti, imeneyo ndi nkhani ina). Dzinali lidachokera kwa Alessandro Volta wa ku Italy, amene adapanga batire loyamba mu 1800, ndipo akatswiri adalivomereza pa msonkhano wa ku Paris mu 1881. Mavoliti ali ngati kutalika kwa mathithi: amangotiwuza ntchito imene kachigawo kamodzi ka magetsi kangagwire potsika. Chachiŵiri ndi ntchito yeniyeniyo, imene timayeza ndi majulu, pokumbukira James Joule wa ku England. Kuti muipeze, mumachulukitsa kutalika kuja ndi kuchuluka kwa madzi otsikawo. Mukavula juzi ya nayiloni usiku n'kumva kuthetheka, pamenepo pali mavoliti zikwi zingapo, koma simungaphikire ngakhale phala la mwana. Batire la galimoto lili ndi mavoliti 12 okha, komabe limadzutsa injini. Yuniti imodzi imene timagula ku ESCOM ndi majulu 3,600,000.

Tiyi adayamba kubzalidwa ku Thyolo cha mu 1908, ndipo mafakitale oyambawo ankadziyendetsa ndi mainjini awoawo. Zinthu zidasintha pamene malo opangira magetsi a Nkula, pa mtsinje wa Shire, adatsegulidwa mu 1966, kenaka Tedzani mu 1973. Koma Shire ali kutali ndi minda ya tiyi, ndipo apa m'pamene Joule uja adathandiza. Iye adapeza cha mu 1840 kuti waya amatentha magetsi akamadutsa, ndipo mukaŵirikiza kaŵiri magetsi odutsawo, zotayika ngati kutentha zimaŵirikiza kanayi. Nzeru yake tsono idali kutumiza magetsi ochepa kuchokera pa "mathithi" aatali kwambiri. Mukakweza mavoliti kakhumi, ntchito yomweyo imafika, koma zotayika panjira zimachepa ka 100. Nambala ya pa kabokosi ka bambo idabadwa chifukwa cha mtunda ndi mtengo wa waya.

Ngakhale zidatero, magetsi sadalande ntchito yonse. Adatenga zopemerera masamba pofotetsa ndi makina oduladula, koma kuwumitsa tiyi kumadya majulu ochuluka zedi, n'chifukwa chake nkhalango za bulugamu zidakalipo pambali pa mindayo, ndipo ng'anjo zimadyabe nkhuni.

Chimene chimandiŵaŵa ine ndi ichi. Mawaya omwewo ankadutsa pamwamba pa komboni yathu, mavoliti onse 11,000 ali m'menemo, usana ndi usiku. Popanda thiransifoma yoŵatsitsa kufika pa 230, panalibe ngakhale julu imodzi yoloŵa m'nyumba mwathu. Mayeso anga a Sitandade 8 ndidaŵerengera pa koloboyi, ndipo mayi ankayeza palafini ndi kabotolo ka mankhwala, kamodzi pa usiku.