Mbiri ya RSS: pamene owerenga ankadzisankhira okha nkhani

Pa 13 Malichi 2013 kampani ya Google inalengeza kuti pofika pa 1 Julayi itseka Google Reader, pulogalamu yake yowerengera nkhani kudzera pa RSS. Uthengawo unali wa mizere yowerengeka, woikidwa pakati pa mndandanda wa zinthu zina zimene kampaniyo inali kutaya. Anthu ambiri dzinali anali asanalimvepo n'komwe. Koma atolankhani, aphunzitsi a m'mayunivesite ndi akatswiri a makompyuta anabuma ngati pagwa zovuta pamudzi. Anthu oposa 100,000 anasainira chikalata pa Change.org chopempha kuti Google ibweze moto. Kakampani kotchedwa Feedly, komwe kanali ndi pulogalamu yofananako, kanalandira anthu atsopano oposa 500,000 m'masiku awiri okha. Google sinatekeseke, ndipo tsiku litakwana inatsekadi.

Kuti timvetse chimene anthuwa ankalira, tibwerere ku zaka za m'ma 1990. Nthawi imeneyo munthu wokonda masamba khumi a pa intaneti ankayenera kuwatsegula limodzilimodzi tsiku lililonse kuti aone ngati alembapo chatsopano. Zinali ngati kuyenda khomo ndi khomo n'kumaodira, pamene m'nyumba zambiri mulibe nkhani. Intaneti yake inali yodzera pa lamya ya m'nyumba, yochedwa komanso yodula.

RSS inabwera kudzathetsa vutoli, ndipo nzeru yake ndi yosavuta kumva. Tsamba lililonse limasunga kafayilo kamodzi kokhala ndi mndandanda wa zolemba zake zatsopano: mutu wa nkhani, tsiku, chidule chake kapena nkhani yonse, ndi adiresi ya kumene ili. Wowerenga amakhala ndi pulogalamu imene amaiuza masamba omwe akufuna. Pulogalamuyo ndiyo imayenda m'makomo muja, n'kutolera zatsopano zokha, n'kuziyala pamalo amodzi motsatana ndi nthawi imene zinatuluka. Zimene sunawerenge zimaoneka, zimene wawerenga zimachoka pamaso. Sumapereka dzina lako kwa mwini tsamba, ndipo ukatopa naye umangomufufuta pamndandanda popanda kupempha chilolezo kwa aliyense.

Chiyambi chake chili ndi mizu iwiri. Mu Disembala 1997 Dave Winer, mwini kampani ya UserLand ku America, anayamba kutulutsa zolemba za tsamba lake la Scripting News m'njira yoti makina aziwerenga. Kenako mu Malichi 1999 kampani ya Netscape inatulutsa RSS 0.90, ntchito ya Ramanathan Guha ndi Dan Libby, pofuna kuti tsamba lake la My Netscape lizionetsa mitu ya nkhani yochokera kwina. Mu Julayi chaka chomwecho Libby anaifewetsa n'kukhala 0.91, atatengako maganizo ena a Winer. Posakhalitsa Netscape, yomwe inali itagulidwa ndi AOL, inataya nayo chidwi. RSS inatsala yamasiye.

Monga zimakhalira pa chuma chamasiye, mkangano unabuka. Gulu lina la akatswiri linkafuna RSS yozama, yotha kunyamula zambiri, ndipo mu Disembala 2000 linatulutsa RSS 1.0. M'gululi munali mnyamata wa zaka 14, Aaron Swartz, yemwe ankatsutsana ndi akuluakulu kudzera m'makalata a pa kompyuta. Winer anakana. Iye ankati chinthu chimene munthu wamba sangachimvetse sichingafale, choncho mwezi womwewo anatulutsa yakeyake, 0.92, ndipo mu Seputembala 2002 anabweretsa RSS 2.0. Apa m'pamene zilembo zitatuzi zinayamba kuimira Really Simple Syndication, kutanthauza kugawa nkhani mosavuta kwenikweni. Mu 2003 umwini wa malamulo ake anaupereka ku Berkman Center ya pa yunivesite ya Harvard. Ena otopa ndi phokosolo anayamba njira yachitatu yotchedwa Atom, yomwe bungwe la IETF linavomereza mu Disembala 2005.

Mkanganowu unadya zaka zambiri ndipo unasiya mabala. Ine ndimaona kuti unachedwetsa zinthu pa nthawi imene RSS inkafunika kufika kwa anthu wamba. Komabe opanga mapulogalamu owerengera anangophunzitsa makina awo kumva mitundu yonse, moti wowerenga sankadziwa n'komwe kuti kuseri kuli nkhondo.

Zaka zotsatira zinali za zokolola. Nyuzipepala ya New York Times inayamba kupereka mitu ya nkhani zake kudzera pa RSS mu 2002. Chaka chomwecho Brent Simmons anatulutsa NetNewsWire ya makompyuta a Mac, ndipo mu 2003 Mark Fletcher anayambitsa Bloglines, yowerengera pa intaneti pomwepo. Kachizindikiro ka mtundu wa olenji, kokhala ndi kadontho ndi mizere iwiri yopindika ngati mafunde a wailesi, kanayambira mu Firefox, ndipo mu Disembala 2005 Microsoft inavomera kukagwiritsa ntchito mu Internet Explorer. Kuona opikisana awiriwa akugwirizana pa chinthu chimodzi sikunali kwa masiku onse.

Google Reader inabwera mu Okutobala 2005. Inali yaulere, yachangu, ndipo inkakumbukira pamene wasiyira ngakhale usinthe kompyuta. Inkalolanso kugawira anzako nkhani yakusangalatsa n'kuikapo ndemanga. Ku Iran, kumene boma linkatseka masamba ambiri, anthu anaipeza ngati njira ya kuseri: tsamba lotsekedwa ankaliwerengera mu Google Reader, poti amene ankakatenga nkhaniyo anali makina a Google, osati kompyuta yawo. Koma ubwino womwewo unali msampha. Ndani akanalipira pulogalamu ina pamene yabwino koposa ikuperekedwa ulere? Opikisana nayo anafota mmodzimmodzi, ndipo mapulogalamu ambiri otsala anayamba kudalira makina a Google pa ntchito yawo. Mtengo waukuluwo utagwa, pansi pake panali patamera zochepa.

Google inati yatseka chifukwa ogwiritsa ntchito anali kuchepa. Mwina n'zoona, koma si nkhani yonse. Mu Seputembala 2006 Facebook inali itayambitsa News Feed, mndandanda wooneka ngati wa RSS koma wosiyana pa mfundo imodzi yaikulu: amene amasankha choyamba kuoneka si wowerenga ayi, ndi makina a kampani. Pamndandanda wotere m'posavuta kulowetsapo malonda, ndipo sufika pothera. RSS inali ndi pothera. Ukawerenga zonse inkakuuza kuti zatha, n'kutseka kompyuta kukachita zina. Wotsatsa malonda sapindula ndi munthu amene wamaliza n'kunyamuka. Google nayo inali itaika mtima pa Google+, yomwe inayamba mu 2011 kuti ilimbane ndi Facebook, ndipo chaka chomwecho inachotsa mu Reader njira yogawirana nkhani ija. Google+ yomweyo inadzatsekedwa mu 2019.

Chaka cha 2013 chinali chowawa. Mu Januwale Aaron Swartz anamwalira ali ndi zaka 26, akuyembekezera mlandu wokhudza kukopera zolemba za kafukufuku zambirimbiri. Chaka chomwecho Twitter inasiya kupereka RSS. Zowawazi sizinathere pomwepo. Mu Disembala 2018 Firefox, kumene kachizindikiro kaja kanabadwira, inachotsa mbali yake yowerengera RSS. Nyuzipepala zimene zinasamutsira owerenga awo ku Facebook zinaona polekera mu Januwale 2018, kampaniyo italengeza kuti iziika patsogolo zolemba za abale ndi abwenzi kuposa za nyumba zofalitsa nkhani. Owerenga amene nyuzipepala zinkayesa awo anapezeka kuti ali m'khola la mwini wina.

Chodabwitsa n'chakuti RSS ikugwirabe ntchito m'matumba a anthu mamiliyoni omwe sanamvepo dzina lake. Mu RSS 0.92 Winer anaikamo kagawo kolola kumangirira fayilo ya mawu ku nkhani, atakambirana ndi Adam Curry, yemwe kale anali muulutsi pa MTV. Kuchokera pamenepo panabadwa podcast, dzina lomwe mtolankhani Ben Hammersley analitchula mu nyuzipepala ya Guardian mu Febuluwale 2004. Apple inaika ma podcast mu iTunes mu Juni 2005. Mpaka lero, ambiri mwa mapulogalamu amawu amenewa amafika pafoni kudzera pa RSS, n'chifukwa chake muulutsi amatha kukuuza kuti umupeze paliponse pamene umamvera, osati pakhomo la kampani imodzi.

Za kuwerenga nazo sizinafe. Masamba ambiri omangidwa ndi WordPress ali ndi RSS ngakhale eni ake sadziwa. Kungowonjezera mawu akuti feed kumapeto kwa adiresi, imatuluka. Matchanelo a YouTube alinso nayo, ngakhale ndi yobisika. Feedly ndi Inoreader zilipo, ndipo NetNewsWire inabwerera m'manja mwa Simmons mu 2018, tsopano ndi yaulere. Kwa munthu wogula bandulo ya intaneti ndi ndalama zowerengeka, mndandanda wa mitu ndi mawu okhaokha sudya zambiri ngati tsamba lodzaza mavidiyo odziyambira okha. Chimene chinasowa ndi kachizindikiro ka olenji kaja pamwamba pa tsamba, moti wofuna kulembetsa lero ayenera kukopera yekha adiresi ya tsambalo, n'kuimata mu pulogalamu yowerengera kuti imufufuzire.