Ferodo wofewa kapena wolimba: kusankhira katapila wakale

Thirakita yoyenda pa maceni, imene ambiri timangoti katapila, ilibe ciwongolero conga ca galimoto. Woyendetsa akafuna kukhotera kumanja, amakoka ndodo ya kumanja kuti ceni ca mbali imeneyo cisalandirenso mphamvu ya injini, kenako amaponda buleki ya mbali yomweyo. Ceni cakumanzere cimapitiriza kuyenda, makina n'kutembenuka. Ndiye kuti pa katapila buleki ndiyo imakhotetsanso, ndipo pa tsiku limodzi lolima imapondedwa kosawerengeka.

Pa makina akale, monga Caterpillar D2 imene inkapangidwa kuyambira 1938 mpaka 1957, buleki yake ndi lamba wacitsulo wozinga dramu, citsulo cozungulira cooneka ngati mphika. M'kati mwa lambayo amakhomeramo cinthu cogwira dramu. Amakaniko amacichula kuti ferodo, kutengera dzina la kampani ya Ferodo ya ku England. Alipo wa mitundu iwiri.

Wofewa ndi wolukidwa ngati nsalu yokhuthala. Amapindika mosavuta, motero amakhala bwino pa dramu ngakhale itadyeka pang'ono. Amagwira msanga, phazi silicita kulimbana naye. Vuto lake ndi lakuti sacedwa kutha, ndiponso amamwa oilo ngati thonje.

Wolimba ndi woumbidwa pa moto, wouma gwa. Amakhalitsa ndipo amapirira kutentha, n'cifukwa cake ogulitsa amamutama. Koma makina akalewa alibe cothandizira kuponda, mphamvu yonse imacokera m'mwendo wa munthu. Mukaika wolimba, pofika madzulo mwendo watopa, katapila akukhota mokakamiza. Akapanda kugwirizana ndi kupindika kwa dramu amangokhudza malo ocepa, malowo amatentha n'kusalala ngati galasi, buleki n'kuyamba kuterera. Coopsa kwambiri n'cakuti wolimba amadya dramu.

Pamenepa m'pofunika kuganiza bwino. Ferodo ndi wochipa, ndipo makaniko wa pafupi angathe kukhoma wina. Nanga dramu ya makina a zaka zoposa 60 mukaipeza kuti? Mlimi wa ku Angónia kapena ku Lago angayende mpaka ku Tete kapena ku Lichinga n'kubwerako cimanjamanja, mvula itagwa kale, munda usanalimidwe. N'cifukwa cake pa katapila wakale wa kumunda, wofewa ndiye woyenera. Kuli bwino azitha ferodo, dramu ikhale. Wolimba angaganiziridwe pa makina ogwira nchito yolemera tsiku lonse, monga kukankha dothi pamalo otsetsereka, ngati dramu yake ili yosalala bwino.

Musanagule, funsani ngati mabuleki a makina anu ali ouma kapena oyendera mu oilo. Akatapila ena a pambuyo pake mabuleki ao amakhala m'kati mwa oilo, ndipo amafuna ferodo wakewake. Wa pouma akalowa mu oilo sagwira.

Nthawi zambiri buleki ikamaterera, wolakwa si ferodo ai. Ndi oilo amene akudontha kucokera pa tozitsekera totha. Pansi pa cipinda ca buleki pamakhala kaboliti kotulutsira zamadzi. Katseguleni muone. Pakatuluka oilo, yambani mwatseka podonthapo, apo ayi watsopanoyo anyowanso.

Pokhoma, gwiritsani nchito tizikhomero tamkuwa, ndipo mitu yake ilowe pansi kuti isakande dramu. Mukamanga, musamangitse lamba mpaka kumakhuza dramu phazi lisanaponde, cifukwa ferodo amapsa makina akungoyenda.

Cenjerani ndi fumbi la ferodo wakale. Ambiri akale anali ndi asbestos, amene amawononga mapapo mwakacetecete, matenda n'kudzaonekera patapita zaka zambiri. Musalipuze ndi pakamwa kapena ndi mpweya wa pampu. Nyowetsani malowo, pukutani ndi kansalu konyowa, ndipo zovala za nchitoyo zisakakutumulidwe pakhomo pamene ana akusewera.