Mbiri ya Malamulo Oyendetsa Makina a Makomo Ambiri pa Intaneti

Pamene akatswiri a ku America anali kuyala maziko a intaneti, kompyuta inali chimakina cholemera chosachoka pamalo pake, ndipo kawirikawiri inalowa m'netiweki pa khomo limodzi lokha. Chifukwa chake, pamene malamulo a IP ndi TCP analembedwa mu 1981, adiresi inapatsidwa kwa khomolo, osati kwa makina eni ake. TCP nayo inazindikira kulumikizana kulikonse ndi zinthu zinayi, ndizo maadiresi awiri ndi manambala awiri otchedwa port, kotero kuti adiresi imodzi ikangosintha, kulumikizanako kunafera pomwepo. Apa ndi pamene panafesedwa mbewu ya mavuto amene anatangwanitsa mibadwo yotsatira.

Mu 1989 bungwe la IETF linatulutsa chikalata cha RFC 1122, chimene anakonza Robert Braden, ndipo m'menemo anavomereza poyera kuti alipo makina a makomo ambiri. Koma pa funso lakuti uthenga wofikira pa khomo lina, pamene adiresi yake ndi ya khomo linzake, ulandiridwe kapena utayidwe, akuluakuluwo sanagamule, nalola njira zonse ziwiri. Mu 1996 kunadza Mobile IP, m'chikalata chokonzedwa ndi Charles Perkins, imene inalola makina oyendayenda kusunga adiresi ya kwawo, uthenga nkumayamba wafika kwawoko kenaka nkuwatsatira kumene ali. Koma njirayi inali yozungulira, ndipo ambiri sanaikonde. Mu 2000 kunabadwa SCTP, yokonzedwera mauthenga oyendetsa mafoni, imene inalola mbali iliyonse kutchula maadiresi angapo, kuti njira yaikulu ikaduka ina ilowe m'malo mwake. Komatu zipangizo zolondera netiweki, monga firewall ndi NAT, sizinaidziwe ndipo zinaitsekereza, motero inatsala ikutumikira makamaka m'kati mwa makampani a mafoni.

Tsono itafika foni yamakono, yokhala ndi Wi-Fi, netiweki ya kampani ya mafoni, mwinanso VPN ya kuntchito, vuto limene linali la akatswiri owerengeka linalowa m'thumba la munthu aliyense. Pakuti netiweki iliyonse inapereka malangizo akeake, seva yake ya DNS yofunsako adiresi ya dzina ndi njira yake yotulukira, ndipo makina anasakaniza zonsezi m'kaundula mmodzi, nafunsa dzina kwa netiweki iyi koma uthenga nkuutumiza pa netiweki inayo, kumene yankho lija linalibe ntchito. Zoonadi mapanga awiri avumbwitsa. Chomwecho mu 2009 IETF inakhazikitsa gulu la MIF, limene linalongosola mavutowa mu RFC 6418 m'chaka cha 2011, ndipo mu 2015, mu RFC 7556, linaika mfundo yakuti malangizo ochokera ku netiweki imodzi asungidwe pamodzi, paokha, osasanganizidwa ndi a inzake.

Nzeru yopambana inaoneka mu Multipath TCP, yofalitsidwa mu 2013, imene ofufuza a ku yunivesite ya Louvain ku Belgium anaigwirira ntchito molimbika. Iyo imagawa kulumikizana kumodzi m'tinjira tingapo, kalikonse kooneka ngati TCP wamba pamaso pa zolondera zija, ndipo mbali inayo ikapanda kuidziwa, imabwerera mwakachetechete ku TCP yakale. Chaka chomwecho Apple inaigwiritsa ntchito pa Siri mu iOS 7, kuti munthu wotuluka m'nyumba asadukidwe pamene Wi-Fi ikuzilala, ndipo mu 2020 Multipath TCP inalowa mu Linux 5.6. Potsiriza, mu 2021, njira ina yotchedwa QUIC inapatsa kulumikizana chizindikiro chakechake chosadalira adiresi, niyenda pamwamba pa UDP imene zipangizo zambiri zinaizolowera kale.

Chimene mbiri iyi itiphunzitsa n'chakuti malamulo amene anafuna kuti dziko lonse lisinthe zipangizo zake anatsalira m'ngodya, pamene amene analemekeza zomangidwa kale ndiwo anafika m'manja mwa anthu. Amene akulemba malamulo a mawa ayenera kuyamba awerenga zipangizo zimene zili kale m'njira, pakuti izo ndizo zidzalola kapena kukana ntchito yawo.