Mwana Wonenepa wa pa Chitini

M'chaka cha 1939, dokotala wina wamkazi, Cicely Williams, adaima pamaso pa anthu achuma mumzinda wa Singapore nawauza kuti kutsatsa mkaka wam'chitini kwa amayi osauka n'chimodzimodzi kupha ana. Mayiyu sankangolankhula zam'maluwa. Ndi yemwe adafotokoza za matenda a kwashiorkor atagwira ntchito ku Gold Coast, komwe lero ndi Ghana. Komabe padapita zaka zoposa 30 dziko lisanatchere khutu.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti bodza silidali mumkakamo. Mkakawo udali mkaka ndithu. Bodza lidali pa chithunzi cha khanda lonenepa, lamasaya osalala, chomwe chinkauza mayi kuti bere lake ndi lachimidzi, chitukuko chili m'botolo. Makampani ena ankatuma atsikana ovala ngati anamwino kukagawa zitini zaulere m'zipatala. Mayi akayamba botolo, mwana ankasiya kuyamwa, mkaka wam'mawere n'kuyamba kuuma. Chitini chaulere chikatha, kubwerera kubere kunkavuta, ndipo ankayenera kugula.

Apa ndi pomwe pankagona nkhani. Chithunzi chija sichinkatchula za madzi apachitsime, za nkhuni zowiritsira botolo kangapo patsiku, kapena za malipiro a bambo. Kuti chitini chifike kumapeto kwa mwezi, mayi ankachulutsa madzi. Mwana ankakhuta madzi oyera mbee, n'kumatsegula m'mimba, n'kumanyentchera. Ambiri adatsikira kulichete amayi awo akukhulupirira kuti akuwapatsa chakudya chapamwamba.

Mu 1974 bungwe la War on Want la ku Britain lidatulutsa kabuku kotchedwa The Baby Killer. Gulu lina ku Switzerland lidakamasulira m'Chijeremani ndi mutu wonena kuti kampani ya Nestlé ikupha makanda. Kampaniyo idakasuma, ndipo mu 1976 khoti la ku Bern lidalipiritsa omasulirawo mafranki 300 aliyense, koma woweruza adalangiza kampaniyo kuti isinthe katsatsidwe kake. Kupambana kotere ine ndimakuona ngati kugwa. Chaka chotsatira anthu ku America adayamba kunyanyala katundu wa Nestlé, ndipo mu 1981 mayiko 118 adavomereza ndondomeko ya bungwe la WHO yoletsa kutsatsa mkaka wa makanda kwa anthu wamba, kugawa zitini zaulere kwa amayi, ndi kuika zithunzi za makanda pa zitini. Dziko la America lokha ndilo lidakana.

Ife ogwira ntchito m'boma timadziwa kuti pepala losainidwa limatha kugona m'kabati mpaka njenjete kulidya. Kuno kwathu zitini zina zidakhala zikugulitsidwa mpaka m'zaka za m'ma 1990 zopanda malangizo m'Chichewa, ngati kuti mayi wa ku Mayani ankasungunula mkaka m'Chingerezi.

Khanda lija lidachoka pa chitini, koma malonda adapeza njira ina. Mu 2024 mabungwe a Public Eye ndi IBFAN adayeza phala la ana la Cerelac napeza kuti logulitsidwa m'mayiko ngati Senegal ndi South Africa lidali ndi shuga wowonjezera, pomwe la mtundu womwewo la ku Germany ndi ku Britain lidalibe.